Mgolo wowambira nyama: fani ikaima moto ukungokwerabe, ndithandizeni

Chiperoni_DZ:
Anzanga a pagulu pano ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mgolo wa malita 200 umene ndinakonzetsa pa Dedza boma pano kuti ndiziwambiramo nyama ya nkhumba pang'onopang'ono ndi makala, uja woimika, dengu la makala pansi, sefa ya nyama m'mwamba, chivindikiro pamwamba. Alamu anga ali ku Joni ananditumizira kamakina ka fani kokhala ndi sensa, umangotchera nambala yomwe ukufuna iko nkumapemerera moto kokha. Nde ndimatchera pa madigiri 110, imakwera bwinobwino kufika pa 110 yo fani nkuima, koma moto osaima ayi, 130, 145, mpaka 160, kenako pakapita nthawi nkugwa kufika 90 fani nkuyamba kuzungulira osapuma. Nyama kunja ikuuma gwa mkati isanafewe. Loweruka la mawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Bembeke ndipo ndinalonjeza miyendo iwiri yakutsogolo ya nkhumba. Kamakinaka nkowonongeka kapena pali pena pomwe pakuvuta?

KanyenyaPaLizulu:
Chotsani fani yo achimwene. Mgolo umayenda wokha umenewo.

AnkoloMawaya:
Musanachotse kalikonse tayankhani izi kaye. Pansi pa mgolo pali mabowo angati, ndipo fani ikamagwira ntchito enawo amakhala otseka kapena otsegula? Makala mumayatsa onse kapena ochepa? Chivindikiro ndi chija chochita kubwera ndi mgolo chomanga ndi lamba wachitsulo, kapena munachita kudula pamwamba?

Chiperoni_DZ:
Mabowo alipo atatu ankolo, a paipi ya three quarter. Fani ili pa limodzi, awiriwo ndimasiya otsegula theka poopa kuti moto ungathime. Makala ndimakoleza kaye pa mbaula ziwiri mpaka onse afiire nde nkukhuthulira mu dengu muja, ndimadzaza ndithu. Chivindikiro tinachita kudula ndi gilayinda nkuwotcherera kachitsulo kozungulira kuti chizikhala, sichigwira kwenikweni, utsi umatulukira m'mbali monse.

AnkoloMawaya:
Basi vuto lapezeka, ndipo kamakina kanu kalibe mlandu. Fani ija ndi mvukuto chabe. Ntchito yake ndi imodzi, kuwonjezera mpweya. Kuziziritsa moto siingathe, ilibe njira. Ikafika pa 110 chomwe ingachite nkuima basi, ndiye ngati mpweya ukulowabe kudzera m'mabowo awiri aja komanso m'mbali mwa chivindikiro, moto upitiriza kudya makala mmene ukufunira, kamakina kakungoonerera. Kuti fani ilamulire moto pamafunika kuti iyo ikhale khomo lokhalo la mpweya, ikaima moto uyambe kubanika nthawi yomweyo.

Nde chitani izi. Mabowo awiri aja tsekani kotheratu ndi zitsekero zake za paipi, osati theka. Pa fani penipenipo onaninso, chifukwa olo itaima, mgolo wotentha umakoka wokha mpweya kudzera m'mapiko ake, zina zimabwera ndi kachitseko kotsetsereka, kachepetseni kufika theka kapena kuchepera apo. Mgolo wa malita 200 sufuna mpweya wambiri, fani ya 10 CFM (muyeso wa mpweya womwe imauzira pa mphindi) imakwana ndi kutsala.

Chachiwiri ndi kayatsidwe. Mukathira dengu lonse la makala ofiira, motowo ndi waukulu kale kuposa womwe mukufuna, ndipo makala akayaka onse sabwerera msanga, mutha kudikira ola lathunthu kuti atsike. Dzazani dengu ndi makala osayatsa, muyatse padera pang'ono chabe, odzaza manja awiri, muwaike pamwamba pakatikati. Moto uziyenda wokha kutsika ndi kufalikira pang'onopang'ono, makala omwewo akutengerani usiku wonse. Zomwe mukuona zoti kenako imagwa kufika 90 nchifukwa choti makala anu onse amanyekera limodzi, akatha mphamvu phulusa nkutseka pansi.

Chachitatu, kutentha muzikugwira kukukwera, osati kukadutsa kale. Poyamba tcherani pa 95, ifike ikhazikike kwa mphindi 15 kapena 20, kenako mukweze pa 110. Moto wa makala umachedwa kuyankha, mpweya womwe fani yauzira panopa zotsatira zake muziona pakapita mphindi zingapo.

Bowo lotulukira utsi pamwamba lokha musatseke. Limenelo lizikhala lotsegula nthawi zonse, mukalitseka utsi umakhalitsa mkati nyama nkumawawa.

Ngozo_waNkolimbo:
Ife a Ngoni nyama tinayamba kuwamba kalekale popanda waya wamagetsi. Nsanja, nkhuni za tsamba, moto wapansipansi, munthu nkukhala pompo kumatembenuza. Pa Mhlangano, mwambo wathu wa a Ngoni uja, ng'ombe zimagwa anthu nkudya mpaka kukhuta, fani imakhala kuti? Ana inu mukufuna nyama ipse inu muli mtulo, nchifukwa chake zikukuvutani.

NaPhiri_Kampepuza:
A Ngozo ulemu wanu, koma zomwe akunena achimwenewa ndi zina. Kuwamba kwa pa nsanja cholinga chake ndi kuumitsa nyama kuti isungike, mawa lake mumaiphikanso ndi nsinjiro. Kwa mu mgoloku nyama imapsera momwemo ndi kutentha kochepa kwa maola 8, 10 kapena 12 mpaka mitsempha ndi mafuta zisungunuke, muzichita kuinyotsola ndi zala osafuna mpeni. Munthu woti m'mawa ali ndi chinkhoswe sangakhale maso usiku wonse kuzizira kwa ku Dedza kuja, tiyeni tiwamvetse.

KanyenyaPaLizulu:
Ine sindikukana za mgolo, ndili nawo iwiri ndipo tsiku la msika ndimagulitsa nyama yochokera momwemo. Chomwe ndikukana ndi fani. Wanga ndinaika valavu ya madzi ija ya chogwirira pa bowo limodzi, enawo ndimatseka ndi maginito a sipika yakufa. Ndikayatsa nditsegula onse, ikayandikira nditseka awiri, valavu nkuisiya theka, basi mgolo umakhala pamalo amodzi maola asanu osaukhudza. Ndalama ya fani bola kugula nyama ina.

AnkoloMawaya:
Apa a Kanyenya sindikutsutsani. Mgolo wotseka bwino umakhazikika wokha, ndipo ndinganene kuti amene sanauyendetsepo ndi valavu asathamangire fani, chifukwa mgolo womwe ukukanika pamanja ukanikanso ndi fani. Kusiyana kumabwera 3 koloko m'bandakucha mphepo ikasintha kapena nkhungu ikatsika, valavu siidziwa kuti kunja kwazizira, sensa imadziwa. Inu mumawamba masana muli pompo, awa akufuna agoneko.

KanyenyaPaLizulu:
Pamenepo ndamva. Koma ayambe atseka mipata.

WeldaWaMphate:
Pa chivindikiro ndiyankhe ine poti ndi ntchito yanga. Mgolo wabwino pa zimenezi ndi uja wotsegula pamwamba ponse, wobwera ndi chivindikiro chake ndi lamba womangira, mumangochotsa labala wa mkati uja chifukwa amasungunuka. Wodula ndi gilayinda sugwirana olo mmisiri akhale waluso bwanji. Poti nthawi yachepa, pindani foyilo mulitali kangapo muzungulize pamlomo wa mgolo, muvindikire, pamwamba musanjikepo njerwa ziwiri. Ena amamata ndi dongo, zimagwira koma mukatsegula kamodzi muyambirenso kumata. Chokhalitsa ndi silikoni wofiira uja wa ma injini wopirira moto, mupake pamlomo wa chivindikiro, pa mgolo mupakepo mafuta ophikira kuti zisamatirirane, muvindikire mpaka mawa. Kuti mudziwe pomwe pakuba mpweya, ponyani kamtengo kakawisi pa moto, mutseke bowo la pamwamba kwa kamphindi, muone pomwe utsi ukutulukira, muikepo chizindikiro ndi choko.

Koma funso langa lalikulu nali, mgolowo munkakhala chani? Chonde anthu inu, mgolo wa mankhwala a mbewu, wa dibi, wa penti kapena womwe simukudziwa mbiri yake musaphikiremo chakudya. Ndipo wa petulo kapena thina musayerekeze kuudula ndi gilayinda muli mpweya wake, umaphulika ngakhale ukuoneka wouma. Wina wokhala ndi utoto wofiirira mkati uyenera kuwotchedwa ndi nkhuni zambiri mpaka utotowo uyoyoke, kenako kukwecha kufika pa chitsulo. Dengu la makala lisakhale la waya wa galvanized, zinki ikapsa utsi wake umadwalitsa.

Chiperoni_DZ:
Unali wa mafuta ophikira bwana welda, ndipo tinauwotcha kaye tisanayambe. Dengu ndi la sefa yakuda ija ya m'mawindo, lili ndi miyendo yotalika ngati masentimita 5.

WeldaWaMphate:
Miyendoyo italikitseni ifike 8 kapena 10, phulusa lizikhala ndi kogwera. Kuchokera pansi pa dengu kufika pa sefa ya nyama pakhale masentimita 60 kapena kuyandikira apo. Komanso paipi ya fani isaloze pa makala mwachindunji, iziuzira pansi pa dengu, apo ayi mbali imodzi inyeka yokha ndipo phulusa liulukira pa nyama.

Mphunzitsi_Linthipe:
Ndiwonjezereko mbali ya sensa. Musanakhulupirire nambala yomwe ikuonetsa, iyeseni. Wiritsani madzi, muviike nsonga yokha ya sensa, waya wake asanyowe. Koma apa mpomwe ambiri amasokonezeka, amayembekezera 100 poti ndi zomwe tinaloweza kusukulu. 100 ndi ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, madzi amawira pa 95 kapena kuchepera pang'ono. Ku Ntcheu boma ndi chapa 96. Nde mukaona 95 sensa ili bwino, musaikonze. Mukaona 100 muli pa Dedza ndiye kuti ikunama ndi madigiri asanu.

Izi zikukhudzanso nyama. Mavidiyo a ku America amati mwendo wa nkhumba muuchotse mkati mukafika 203 ya Fahrenheit, yomwe ndi 95 yathu. Kuno 95 ndi pomwe madzi akuwira, mukalimbana kuti mufikepo muumitsa nyama. Ikafika 88 kapena 90 yambani kubaya ndi kawaya, kakamalowa mosavuta paliponse ndiye kuti yapsa.

Malo oika sensa ya mgolo ndi pa sefa pomwe pali nyama, isakhudze chitsulo, isagunde khoma la mgolo, italikirane ndi nyama zala zitatu. Mukaigundanitsa ndi nyama yozizira iziwerenga zotsika, fani nkumakoleza moto wosafunika.

Tsangano_Boy:
Ine mavidiyo onse ndikumva 225, 225. Nde 110 mukunenayi siyochepetsetsa?

Mphunzitsi_Linthipe:
Ndi chinthu chimodzi aise, iwo amawerenga mu Fahrenheit. 225 yawo ndi 107 yathu, 250 yawo ndi 121. Onani pakona pa sikirini ngati palembedwa F kapena C musanatchere, chifukwa mukatchera 225 pa C nyama isanduka khala.

MlondaWaMitengo:
Ine ndawerenga zonse koma palibe yemwe wafunsa kuti makala odzaza denguwo akuchokera kuti. Tikamakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti tonse timaona mmene mapiri ayeretsedwera, Dzalanyama nayo ikutha tikuona, matumba ali ndii m'mbali mwa M1 kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Chimbiya. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, kuotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala opanda chiphaso ndi mlandu. Mayi wophikira ana nsima pa mbaula ndimamumvetsa, alibe pothawira. Koma ife tikukamba zoyatsa moto usiku wonse chifukwa cha kukoma kwa nyama, ndiye ifeyo ndi amene tiyenera kuyamba kugula makala ovomerezeka. Alipo, a Kawandama Hills ochokera ku Viphya amapangidwa ndi mitengo yochita kudzala ndipo ku Lilongwe amapezeka, kulinso ma briquette opangidwa ndi utuchi ndi zotsalira za kumunda.

KanyenyaPaLizulu:
Ku Lilongwe amapezeka, nanga pa Lizulu? Ndikwere minibasi kukagula thumba la makala, nyama ndidzagulitsa zingati? Komanso dziwani kuti mgolo wotseka bwino umadya makala ochepa kuposa kanyenya wa pa sefa yapoyera. Pa sefa ndinkathira makala tsiku lonse, mu mgolo ndimathira kamodzi, ndikamaliza nditseka mabowo onse moto nkuthima, otsala ndiyatsanso mawa.

MlondaWaMitengo:
Zoti umadya ochepa ndikuvomera ndipo nzabwino. Koma musandiuze kuti palibe chochita, amene ali ndi galimoto pagulu pano ndi ambiri, mutha kusonkherana wina akabweretse matumba angapo.

NaPhiri_Kampepuza:
Ma briquette ndinayesapo, amayaka mofanana bwino ndipo fani imawakonda, koma phulusa lake ndi lambiri zedi, pakati pausiku pamafunika kugwedeza dengu ndi chitsulo kuti ligwe. Ena amanunkha poyaka koyamba nde adikireni ayake bwino. Pa nkhani ya fungo la utsi simufunika kudula mtengo wa m'nkhalango ayi. Kuno kwathu mapichesi ali mbwee, ku Tsangano, ku Bembeke konse, nthambi zomwe mwathenera zija ziumitseni, tizidutswa titatu kapena tinayi tokula ngati chibakera mukwirire m'makala. Mango, gwafa ndi mandimu zimachitanso bwino, olo zitsononkho zouma. Paini ayi, utomoni wake umadetsa nyama ndi kuiwawitsa. Nkhadze musayandikize nkomwe ndi poizoni, matabwa openta kapena onyikidwa m'mankhwala chimodzimodzi.

Ndipo poyatsa chonde osagwiritsa jumbo kapena palafini mmene timachitira pa mbaula. Mu mgolo fungo limenelo lilibe kothawira, lonse limalowa mu nyama. Boolani chitini chachikulu pansi, muikemo makala, pansi pake mapepala, mphindi 15 ayaka.

Sola_Kasina:
Pepani ndilowetse langa pomwepa. Ine ndilibe achibale ku Joni nde ndimafuna ndipange ndekha. Ndili ndi fani ya kompyuta ya 12V ndi kakontrola ka kutentha ka W1209 kaja timaika mu makina oswetsera mazira. Sizingagwire?

AnkoloMawaya:
W1209 malire ake ndi 110, ndipo sensa yake ndi ya pulasitiki ndi waya wofewa, mu mgolo siikhalitsa. Kontrola inzake ya STC-1000 nayo imathera pa 99. Zimenezo zisiyireni anapiye. Pa mgolo pamafunika sensa yopirira moto yotchedwa thermocouple, ya mtundu wa K, ija ya waya wokutidwa ndi chitsulo choluka, ndi kontrola ngati REX-C100 yomwe ambiri amagulitsa pamodzi ndi sensa yofika 400.

Kusiyana kwina nkwakuti tija ta mazira timangodziwa kuyatsa ndi kuthimitsa, pomwe REX, yomwe ndi ya mtundu wotchedwa PID, imayang'ana kuti kwatsala madigiri angati ndipo akukwera mwachangu bwanji, nde ikamayandikira imayamba kupereka mpweya mwa apo ndi apo isanafike pa nambala. Pa makala zimenezi nzofunika chifukwa cha kuchedwa kuyankha ndanena kuja. Ili ndi autotune, pomwe imadziphunzitsa yokha mmene mgolo wanu umatenthera, koma muiyendetse mgolo utatentha kale, musatsegule chivindikiro mpaka imalize, apo ayi iphunzira zolakwika.

Chenjezo kwa amene mugule REX ya SSR, kaswichi komwe REX imayatsira ndi kuthimitsira fani. Ma SSR ambiri obwera m'paketi imodzi ndi REX ndi a magetsi a AC, a m'nyumba aja. Mukalumikiza fani ya 12V DC, magetsi ngati a batire, pamenepo ikayaka siithimanso. Pezani SSR ya DC kapena kaswichi kena kotchedwa MOSFET, kapena mugule REX ya relay, yokhala kale ndi swichi mkati mwake. Musalumikizenso fani mwachindunji ku mawaya opita ku SSR, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri.

Fani ya kompyuta ya mapiko ija imagwira koma ilibe mphamvu yokankha mpweya mu paipi yopapatiza. Yabwino ndi ija yooneka ngati nkhono yotulutsira mpweya pambali. Ndipo muiike patali pang'ono ndi mgolo pa paipi yachitsulo, yopendekera pansi, kuti isasungunuke komanso mafuta asayenderere kulowa mkati mwake.

Sola_Kasina:
Nanga magetsi akathima pakati pausiku? Kwathu kuno sachedwa.

AnkoloMawaya:
REX imafuna magetsi a m'nyumba nde pamafunika ka inveta. Ka a Chiperoni ngati kali ka 12V nkosavuta, batire ya njinga yamoto ya 7Ah ikwana, fani yotere imakoka pafupifupi 0.3A ndipo siizungulira nthawi zonse, usiku umodzi siingathe batire. Ine ndingakonde kuyendetsa pa batire kuyambira pachiyambi kusiyana nkudalira soketi. Zikavuta zonse, chotsani fani, mutsegule bowo limodzi theka muyendetse ngati a Kanyenya.

Chiperoni_DZ:
Ili ndi adaputa ya 12V, batire ndibwereka. Funso lina ankolo, ndikatsegula kuti ndione nyama nambala imagwa kufika 70, fani nkuthamanga kwambiri, ndikatseka pakapita mphindi 10 ili pa 140. Pamenepa nditani?

AnkoloMawaya:
Mukatsegula pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mpweya wotentha umathawa sensa nkuona ngati moto wafa, fani nkuyamba kuuzira ndi mphamvu zonse, pomwe motowo uli bwinobwino ndipo ukumwa kale mpweya wambiri kudzera pamwamba potsegukapo. Nde thimitsani fani musanatsegule, chitani zomwe mukuchita mwachangu, tsekani, dikirani mphindi 5 kapena 10 nambala ibwerere yokha, kenako muyatse. Makina ena ali ndi pozindikira kuti chivindikiro chatsegulidwa, fufuzani mu menyu. Koma chachikulu musamatsegule pafupipafupi, maola anayi oyamba palibe choti muone mmenemo. Ndipo ikamasewera pakati pa 105 ndi 120 isiyeni, nyama siidziwa kusiyana kwake, kuthamangitsana ndi digiri iliyonse nkomwe kumasokoneza moto.

WeldaWaMphate:
Ku Bembeke mwezi uno mphepo ndi chisanu si masewera. Bowo la fani lifulatire mphepo, ndipo muimike malata kapena njerwa mbali yomwe ikuchokera, chitsulo cha mgolo nchopyapyala chimataya kutentha msanga. Osaufunditsa bulangete la nayiloni.

NamwinoWaUsiku:
Poti mwatchula kuzizira ndilankhuleko. Nyengo ino m'zipatala timalandira anthu okomoka chifukwa chogona ndi mbaula m'nyumba, ena safika nkomwe. Mgolo wamtunduwu, moto wake wochita kubanikawo, umatulutsa mpweya woipa uja wa carbon monoxide wochuluka, ndipo sununkha, suoneka. Kaya kugwe mvula kaya chisanu, musaulowetse mu kitchini, mu garaja kapena pakhonde lotchinga, ndipo usakhale pansi pa windo la chipinda chogona.

Ku nyamanso, pa chinkhoswe pamadya ana ndi okalamba. Nyama ya nkhumba gulani yoyezedwa ndi alangizi a ziweto, ikakhala ndi timatuza toyera tija ena amati masese isiyeni. Isalowe mu mgolo ili youma ndi ayezi mkati, isungunuke kaye mu fuliji, chifukwa pa moto wochepa imafunika idutse 60 mkati mwake pasanathe maola anayi. Nkhuku ifike 74 pa ntchafu. Ikapsa musaisiye pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ikhale yotentha kuposa 60 kufikira nthawi yodya.

Ngozo_waNkolimbo:
Apa amayi mwanena zoona. Za mbaula m'nyumba tinataya nazo mnyamata kumudzi kwathu.

Chiperoni_DZ:
Pepani a Ngozo. Ndabwera ndi lipoti, dzulo ndinayesa ndi mwendo umodzi wa makilo atatu. Mabowo awiri ndatseka, foyilo pamlomo ndi njerwa pamwamba, miyendo ya dengu tawonjezera, makala ndayatsa ochepa mu chitini, tizidutswa ta pichesi tinayi. Sensa m'madzi owira inawerenga 95 ndendende aphunzitsi. Ndinatchera 95 inakafika 103 nkubwerera, nditakweza pa 110 yakhala pakati pa 107 ndi 116 mpaka kumapeto, fani imangoti fuu pang'ono nkuima. Utsi poyamba unali woyera wambiri, ndinadikira mpaka unachepa nkukhala wabuluu mopyapyala ndiye nkuika nyama. Chomwe chinandidetsa nkhawa nchoti mkati mwa nyama itafika 67 inaima pompo maola awiri osasuntha, mgolo uli pa 110 bwinobwino. Ndinakweza pa 125 ndipo inadzayamba kuyenda, ndinaichotsa pa 90, yofewa fupa kuchita kusololoka lokha. Kuima kuja ndi vuto la sensa ya nyama kapena?

Mphunzitsi_Linthipe:
Si sensa, zimachitika ndi nyama yaikulu iliyonse chapakati pa 65 ndi 75. Madzi akamatuluka pamwamba pa nyama nkumauma amachotsa kutentha kofanana ndi komwe mgolo ukupereka, nde nambala imaima mpaka kunjako kuume. Kuno kumtunda, mpweya wouma wa mwezi uno, kumatha kuyamba msanga nkukhalitsa. Fani nayo ikamauzira kwambiri imawonjezera kuumitsako. Njira ndi zitatu, kudikira, kukweza moto mmene munachitiramo, kapena kuikulunga mu foyilo ikafika pamenepo.

NaPhiri_Kampepuza:
Kulungani. Pa chinkhoswe nthawi siidikira munthu, ankhoswe akakhala pansi simungawauze kuti nyama yaima pa 67. Foyilo kawiri, muthiremo timadzi pang'ono, ikapsa muisiye momwemo muikulunge ndi nsalu muike mu cooler box, imakhala yotentha maola atatu kapena anayi ndipo imafewa kuposa.

KanyenyaPaLizulu:
Foyilo imapha khungu lokoma lija lakunja mayi, nyama imakhala ngati yowiritsa. Makasitomala anga amalimbirana chakuda chakunjacho. Ine bola kuyamba msanga ndi maola awiri osakulunga.

NaPhiri_Kampepuza:
Muzikulunga kunja kutagwira kale, mukakanda ndi chikhadabo osachoka. Mukafuna muitsegule mphindi 20 zomaliza iumenso.

AnkoloMawaya:
Miyendo ili iwiri, umodzi kulungani winawo ayi, anthu aweruze okha. Chokhacho kumbukirani kuti nyama yozizira ya makilo 6 ikalowa nambala igwa kwambiri kuposa dzulo ndipo ichedwa kubwerera, musakweze setting poona zimenezo, ipatseni theka la ola. Pakati pa miyendo iwiriyo musiye mpata utsi uzidutsa, ndipo sensa isakhale mumpatamo.

Ngozo_waNkolimbo:
Chabwino, nanga mbuzi? Ine nkhumba sindiikonda kwenikweni. Mwendo wa mbuzi ungapse bwino mu chimgolo chanucho kapena uuma?

KanyenyaPaLizulu:
Umapsa madala koma mbuzi zathuzi zilibe mafuta ngati nkhumba nde siifuna kukhalitsa pa utsi. Tengani mwendo wakutsogolo kapena nthiti, mchere ndi adyo kuyambira dzulo lake, maola awiri kapena atatu pa utsi pa 120, kenako apa pokha ndikuvomera foyilo, muikemo anyezi ndi timadzi mpaka ifewe. Wakumbuyo umauma msanga. Nkhuku ndiye ina, pa 110 khungu limakhala lotafuna ngati labala, imafuna 160 kupita mtsogolo, tsegulani mabowo onse fani muchotse. Ya chikuda yokalamba musavutike nayo, imeneyo ndi ya mumphika.

Tsangano_Boy:
Nanga milamba ya ku Mtakataka ingalowemo? Ndili ndi mgolo wa malita 100 wokha.

AnkoloMawaya:
Ingalowe koma nsomba imafuna moto wotsika, 70 mpaka 90, ndipo mu mgolo waung'ono makala ali pafupi ndi sefa nde kugwira nambala imeneyo nkovuta kuposa 110. Dengu likhale laling'ono, muyatse makala asanu kapena asanu ndi limodzi okha, pakati pa moto ndi nsomba muikepo mbale yachitsulo kapena phale loti litchinge, kachitseko ka fani mutseke kutsale kampata kochepa. Tumizani chithunzi cha mgolowo ndi muyeso wake kuchoka pansi kufika pamlomo, tione ngati sefa ingakhale patali mokwanira.